Mkamwini wa ku Amereka Akubwera Loweruka

Lolemba, 24 Novembala

Nkhani yafika pamodzi ndi tiyi wam'mawa. Tadala, mwana wotsiriza wa malemu mlongo wanga, wagwada pakapeti n'kunena kuti pali munthu. Munthuyo ndi wa ku Amereka. Dzina lake Maliko, ngakhale akuti kwawoko amalitchula mopinda lilime. Akubwera Loweruka kudzaonekera kwa ine mwini mbumba.

Ndikavomera, mwanayu akwatiwa, asiya unamwino wake ku Wolverhampton n'kusamukira ku Amereka. Ndikakana, akuti sapita. Wanena yekha: "Popanda mawu anu, aMalume, sindisuntha." Ana amakono amatero pakamwa pokha, koma uyu ndikumudziwa, anatenga mutu wa mayi ake. Akanena wanena.

Esinati, mkulu wake, mwini nyumba ino ya ku Bilston, kuno kwa Angerezi, akuti ndisadandaule, adzandimasulira.

Ayi! Kumasulira kwa Esinati ndinakuona mwezi watha kwa dokotala wa maso. Ndinafotokoza bwinobwino mmene disoli linayambira, kuchokera pa utsi wa m'chigafa cha fodya, mankhwala a kwa sing'anga wa ku Mponela, mpaka mphepo ya mu ndege. Iye anangotembenuka n'kunena timawu tokwana m'supuni. Dokotala n'kugwedeza mutu. Nanga mawu anga enawo anapita kuti? Pa nkhani ya diso ndinalola. Pa nkhani ya mwana wa mlongo wanga sindilola. Munthuyu ndimufunsa ndekha, ndi pakamwa panga, m'chilankhulo chake.

Sukulu sindinapondeko. Zilembo izi ndinazitola ndekha pa mabelo a fodya ndi m'buku la nyimbo, ndipo palibe belo langa linasocherapo ku okushoni. Ndiye Chingerezi n'chiyani? Ana a Esinati akuchilankhula mamina ali m'mphuno.

Masana. aMbewe, mwamuna wa Esinati, andiikira maphunziro mu foni. Muli mayi wa ku Amereka wa mano oyera ngati mbale zatsopano. Amalankhula pang'onopang'ono, n'kudikira kuti ubwereze, kenako amakuyamikira ngakhale usananene kanthu. Mayi wa mtima wabwino. Zimene akufotokoza akundiuza ndi aMbewe, poti kumasulira foni si kumasulira ine.

Zokolola za lero:
Hawa yu. Ndiye kuti muli bwanji.
Gudu. Ndiye kuti ndili bwino.
Nayisi tu miti yu. Ndakondwa kukudziwani. Amanena asanakudziwe n'komwe!
Mayi nemu izi, kenako dzina lako.

Chandidabwitsa ndi ichi. Mayiyu akuti ukafunsidwa hawa yu, yankho ndi gudu basi, n'kumapita. Ndafunsa aMbewe: ngakhale mutu ukuwawa? Akuti inde. Ngakhale mbuzi zaba usiku? Akuti inde. Nanga za maliro anthu amenewa amamva bwanji? Kwathu ku Dowa ukafunsa munthu mmene wadzukira umayamba watsitsa khasu paphewa, chifukwa ayambira kuphazi kukafika kumutu, kenako ana, kenako nkhuku. Awa amafunsa ali m'njira. Afunsiranji nanga? Ndiyenera kuchimvetsa chimenechi Loweruka lisanafike.

Lachiwiri, 25 Novembala

Lero mwambo wawo. Chilankhulo popanda mwambo ndi ndiwo yopanda mchere.

Mayi wa mu foni akuti pokumana ndi munthu uzichita izi: uzimuyang'ana m'maso osaphethira, uzimufinya dzanja mwamphamvu, uzimwetulira mano onse aonekere, ndipo uzimuuza dzina lako lenilenilo kuti azikutchula nalo. Akuti woyang'ana pansi amamuyesa wabodza. Taonani! Ife tinalera ana kuti woyang'ana mkulu m'maso ndi wamwano. Ndiye kuti mwana waulemu wa ku Dowa akafika ku Amereka ndi wakuba, mwana wamwano ndi woona mtima. Dziko n'lozungulira ndithu.

Ndayesera pa aMbewe, poti ndiwo mkamwini amene ali pafupi. Phunziroli anandimasulira ndi iwo omwe, koma sanayembekeze kuti liwagwera. Chikwatire Esinati, sanandiyang'anepo m'maso. Ndawapeza kukhichini akumanga kamba wa kuntchito. Ndawagwira dzanja, ndafinya monga tinkafinyira fodya pa jeke pomanga belo, ndawatong'olera maso, ndatulutsa mano. Mayi nemu izi, n'kutchula dzina langa la ubwana, lomwe analitchula komaliza ndi malemu amayi. Ndawauza kuti lero azinditchula limenelo.

aMbewe thukuta kamukamu, m'nyengo yozizira ino. "aMalume, ndalakwa chiyani? Ngati ndi za hita ija, ndikonza." Achoka osamwa tiyi, kamba wawo watsala patebulo.

Ndiye kuti zikugwira ntchito, koma mopitirira.

Kumwetulira ndayesera pagalasi la m'bafa. Mano alipo, kungoti sakhalanso moyandikana ngati kale, ndipo fodya anasiyamo dzina lake. Esinati wandipeza ndili pakati pa ntchito. "Mukumva kupweteka pati? Kwezani manja onse awiri. Tanenani dzina la tsiku la lero." Wandimanga chopimira magazi pamkono ndisanafotokoze. Kukhala ndi anamwino m'nyumba ndi vuto, munthu sungasinthe nkhope osakupima.

Phunziro lina ndi la kukumbatirana. Akuti amuna okhaokha, akakondwa, amakumbatirana n'kumenyana kumsana. Limeneli ndalidumpha. Ine si belo la fodya.

Madzulo ndabwereza mawu a dzulo. Hawa yu alipo. Gudu alipo. Nayisi uja wathawa pakati, watsala mutu ndi mchira. Ndimugwira mawa.

Lachitatu, 26 Novembala

Chilankhulo sachiphunzirira pampando. Ndavala jekete ziwiri n'kupita ndekha kumsika wa Bilston.

Mayi wa mu foni akuti ku Amereka munthu wosamudziwa umamuyamba ndi kumuyamikira chinthu chake, nsapato kaya chipewa, ndiye kucheza kwayamba. Kwathu ukayamikira kwambiri ng'ombe ya mnzako, ikadwala mawa amadziwa koyambira kufunsa. Koma mlendo amavina mmene ng'oma ikulirira. Ndaona gogo wina wachizungu pa benchi ali ndi chikwama chofiira. Ndamuyang'ana m'maso, mano panja, ndaloza chikwamacho: "Nayisi!" Wachikumbatira pachifuwa n'kusamukira benchi ina.

Mwina ndinafika naye pafupi kwambiri.

Kwa mayi wogulitsa mazira zinayamba bwino. Ndisanatsegule pakamwa wandiyamba ndi iye: "Yawu olayiti, babu?" Ndafufuza m'mutu monse, phunziro limenelo mulibe. Ndaponya gudu. Waseka mokoma n'kukhuthula mawu ambirimbiri, ndipo palibe limodzi lofanana ndi la mu foni. Ndagula mazira amene sindimafuna, kuti ndichoke ndi ulemu.

Pobwerera ndakumana ndi aTembo, m'bale wa ku tchalitchi, wa ku Chipata ku Zambia, amene amasamalira okalamba ku Wolverhampton. Ndawafunsa kuti mayi uja amalankhula chiyani. "Ba Malume, ico n'cizungu ca kuno ku Bilston. Ca ku Birmingham n'cina, ca ku Amereka n'cinanso. Manje imwe mwatenga ca ku Amereka kubwela naco pa maliketi ya Bilston!" Aseka mpaka kugwira mtengo wa magetsi.

Ndiye Angerezi eni ake chilankhulo chawo sachilankhula ngati mmene amachiphunzitsira? Nanga anapatsa Amereka chiti, n'kutsala ndi chiti? Zili ngati mbewu ya fodya: yomweyomweyo ukaibzala ku Kasungu ndi ku Mulanje tsamba limatuluka losiyana. Izi zandisangalatsa. Koma zikutanthauza kuti m'tauni muno mulibe woyeserapo.

aTembo andiuzanso chinthu chofunika. Akuti mawa ndi tsiku lalikulu ku Amereka, tsiku loyamika, ndipo nyumba iliyonse imadya nkhukundembo. Basi nzeru yabwera. Kwathu mlendo timamuphera nkhuku. Mlendo wa ku Amereka ndimuphera nkhukundembo, ndi manja anga, adziwe kuti wafika pa munthu wodziwa za kwawo.

Ndabwerera kumsika, koma yamoyo sagulitsa. Ndafunsa ndi manja, ndakupiza mapiko, ndalira ngati iyo. Andilozera m'chifiriji. Chimbalame chopanda mutu, chopanda mapazi, cholimba ngati mwala wa mphero. Ndidziwa bwanji kuti chinafa imfa yanji? Ndachisenza paphewa mpaka kunyumba. Phewa lachita dzanzi.

Madzulo. Ndikudutsa pakhomo pa chipinda cha Tadala, ndamva akulankhula pafoni m'Chichewa, pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana: "Ayi, onse awiri. Maondo onse awiri pansi. Bwerezanso." Wodwala wake wina, kapena masewera olimbitsa thupi. Anamwino sapuma.

Lachinayi, 27 Novembala

Chimbalame chagona patebulo usiku wonse, chadzuka chili chomwecho. Ndachigogoda ndi supuni, chikulira ngati chitseko. Ndachiika m'bafa, ndathira madzi, chisambe mpaka chifewe.

Esinati wabwera kuchokera kuntchito ya usiku. Kukuwa! "Ndani waika chinyama m'bafa? Ndachoka ku naiti, ndatopa, ndikufuna kushawa!" Ndamuuza kuti ndi mwambo wa ku Amereka. Akuti ku Amereka kulibe munthu amasamba ndi nkhukundembo. Iye anapitako liti?

aTembo adutsa masana popita kuntchito. Ndawafunsa chiyambi cha tsiku loyamikali. Akuti kalekale kunafika alendo pa chombo, anjala, osadziwa kulima nthaka ya kumeneko. Eni dziko anawaonetsa kabzalidwe ka chimanga, ndipo atakolola anadyera pamodzi. Nkhani yokoma. Ndafunsa kuti nanga eni dziko aja ali kuti lero? aTembo akanda m'mutu, akuti mbali imeneyo ndi yaitali ndipo si yokoma. Ndamva. Kwathu timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kumeneko mame aja sanakamuke.

Chinanso: mtundu wonse kuyamika tsiku limodzi pachaka. Masiku enawo amatani? Kapena amasunga zikomo wawo m'nkhokwe n'kudzamutulutsa pamodzi? Komabe pali kanthu kabwino. Akuti asanadye, aliyense pa tebulo amanena chimene akuyamikira, mkulu ndi mwana yemwe. Ndalamula kuti madzulo ano tichite, ngakhale mbalame ikadali m'madzi.

Zatuluka motere. aMbewe ayamikira ma ovataimu, maso ali m'mbale, chichitikire za Lachiwiri zija sakhala nane mbali imodzi. Esinati akuti adzayamikira tsiku limene bafa lake lidzabwerere. Ana anena zawo m'Chingerezi, ndagwirapo mawu amodzi okha, ndipo ndikuganiza kuti ndi dzina la galu wa anebala.

Kenako Tadala. "Ndikuthokoza aMalume. Amayi atamwalira anabwera kudzagona pakhonde pathu ndi mkeka wawo, mvula ikugwa, mpaka ine ndi achemwali tinasiya kuopa mdima."

Sindinkadziwa kuti amakumbukira, anali kamwana. Diso lodwala lija layamba kutulutsa madzi, ndipo linzake lalitsatira, ngakhale dokotala anati ndi labwinobwino. Itafika nthawi yanga ndangoti tiyeni tidye.

Mlongo wanga, ali pa mphasa yake yomaliza, anandigwira chala n'kunena kuti: "Achimwene, ana angawa musadzawapereke kwa munthu amene simunamumve mtima." Za Esinati zinali zosavuta, aMbewe ndi a kutsidya kwa dambo, agogo awo ndinkawadziwa. Uyu mtima wake uli m'Chingerezi.

Lero sindinaphunzire mawu atsopano. Mayi nemu izi nayenso wayamba kugwedera.

Lachisanu, 28 Novembala

Ndakhala pansi n'kusankha mafunso, monga posankha fodya, oipa kumbali. Atsala awa:
Ukakwiya umatani, umakhala chete kapena umaswa mbale?
Akadwala kudziko kopanda mbale wake, adzamuphikira phala ndani?
Ana anu adzawadziwa manda a agogo awo?

Ndapempha aMbewe afufuze mu foni phunziro la mafunso amenewa. Afufuza atatalikira, dzanja atatambasula. Mayi wa mano oyera ali ndi phunziro la kuitanitsa khofi, wamkulu kaya wamng'ono, wa mkaka wa ng'ombe kaya mkaka wa mbewu. Mkaka wa mbewu! Amazikama pati? Ali ndi phunziro la kufunsa kuchimbudzi, la kudandaula ku hotela, la kubweza malaya osakwana. La kufunsa munthu za mtima wake palibe. Kodi iwo akamakwatitsa mwana amafunsa chiyani, kukula kwa khofi?

Ndaitana aTembo kuti andiikire funso loyamba m'Chingerezi, ndiloweze. Latuluka lalitali ngati sitima ya katundu. Ndikafika ku mchira, mutu wapita. Ndikagwira mutu, pakati pathothoka. aTembo akungosekerera chamumtima, sindikudziwa chikuwakomera n'chiyani. Ndawaitana kuti mawa adzakhale nafe, akuti pepani, "nili na kanchito kena."

Masana, mbalame yafewa kunja. Ndaipaka mchere n'kuilowetsa mu uvuni. Esinati ali mtulo, sindinafune kumudzutsa. Moto ndaika wonse, chifukwa chinthu chachikulu chimafuna moto waukulu, izi sizifuna sukulu.

Ndili pa funso lija pabalaza, kachinthu ka kudenga kayamba kulira. Kulira kwake! Utsi nyumba yonse, kuposa chigafa. Esinati watsika masitepe ndi chitenje chokha, akukupiza thaulo, akutsegula mazenera, akulankhula zilankhulo ziwiri nthawi imodzi. Mayi wachizungu woyandikana nafe wagogoda, nkhope ili gwaa. Ndamutsegulira ndine, utsi ukutuluka kumbuyo kwanga. Ndamuyang'ana m'maso: "Nayisi tu miti yu." Lonse lathunthu, osaphonya! Pomwe silikufunika ndi pomwe labwera.

Mbalame kunja makala, m'kati madzi ozizira. Esinati waiduladula n'kuibwezera pa moto wochepa, akuti palibe aidye iye asanakhutire, safuna kukumana ndi abale ake ku wodi. Yatuluka youma ngati chikopa cha ng'oma. Akuti mawa aphika nkhuku. Ndati yangayo ikhalenso patebulo.

Ndatsitsa mtengo. Mafunso atatu sangatheke. Mawa ndimupatsa moni wa kwawo, dzanja, maso, mano, kenako funso limodzi, likakhala lilipo.

Loweruka, 29 Novembala

Ndikulemba manja akadali ozizira.

Ndinaima kuseri kwa chitseko nthawi isanakwane, jekete ya tchalitchi, nsapato zopolisha. Belu lalira. Ndatsegula, dzanja kutsogolo, mano panja, maso pamwamba pomwe payenera kukhala nkhope ya munthu wamtali.

Palibe nkhope. Pali aTembo, atavala suti.

Ndayang'ana pansi. Chimunthu chachikulu chagwada pa simenti yonyowa, maondo onse awiri, chikuwomba m'manja mofatsa, maso ali pa nsapato zanga. Maondo onse awiri! Wodwala wa Tadala uja ndi ameneyu.

Ndinkayembekezera mzungu. Uyu ndi wakuda kuposa aMbewe. Palibe anandiuza, inenso sindinafunse. Ndiye ku Amereka kuli anthu otani ndi otani? Mayi wa mu foni sananenepo.

Dzanja langa lili m'malere. Ndayamba: "Hawa..." aTembo andidula. "Ba Malume, ine ndine nkhoswe wa uyu mwamuna. Mkamwini sakamba na akulu maso na maso. Zonse zipitile kwa ine." Kanchito kena kaja n'kameneka! Mlungu wonse munthu mmodzi akuphunzitsa ine za ku Amereka, kuseri akuphunzitsa mnyamatayu za kwathu, n'kumadyera mbali zonse ngati mbuzi ya pamalire.

Pabalaza wakana mpando. Wakhala pansi pafupi ndi chitseko, miyendo atapinda movutikira. Ndikamuyang'ana m'maso, iye akuyang'ana kapeti. Ndikasendera, iye akusendera kumbuyo. Ine ndikuthamangitsa mwambo wa kwawo, iye akuthawa ndi mwambo wa kwathu. Tadala anamuphunzitsa zoona, koma aTembo anathiramo tsabola wa ku Chipata. Ngakhale ku Dowa masiku ano sitifika pamenepo.

Funso la Chingerezi lija lasowa, ngakhale fungo lake. Ndafunsa m'Chichewa: akakwiya amatani? aTembo aponya timawu. Mnyamata wayankha nthawi yaitali, mawu otsika, akuwerenga ndi zala. aTembo atembenuka: "Akuti alibe vuto."

Kwa dokotala wa maso kuja! Zomwezija ndinalumbira Lolemba. Ndafunsa lachiwiri. Yankho lalitali. "Akuti zonse zili cabe bwino." Lachitatu sindinafunse, ndinaona kuti ndikungotaya mbewu pa thanthwe.

Nthawi ya chakudya, mnyamata watenga mbale yake, wagwada, watuluka khomo la kumbuyo. aTembo akuti mkamwini sadya pamaso pa akulu. Tadala wafuna kumutsatira, Esinati wamugwira mkono. Ndasuzumira pazenera. Wakhala pa ndowa yovundikira pafupi ndi mabini a zinyalala, mvula yamawawa ikumugwera m'khosi. M'mbale mwake mulibe nkhuku ya Esinati. Watenga nkhukundembo yanga yokhayokha. Akutafuna ngati ng'ombe yodya mapesi.

Ndavala chipewa. aTembo anyamuka kuti anditsate. Ndati khalani pansi aTembo, nkhuku ikuzizira.

Atandiona wafuna kugwadanso m'matope. Ndamukanikiza phewa kuti akhale. Ndakhala pa sitepe. Chingerezi chonse cha mlungu uno chandithawa, chatsala chimodzi chokha, chopanda ntchito chija, chofunsa uli m'njira.

"Hawa yu?"

Ndikudikira gudu, kuti ndidzuke ndibwerere m'nyumba ndisakudziwa kanthu.

Wameza nyama ija movutikira. Kenako m'Chichewa chothyokathyoka, liwu lililonse akulinyamula ngati njerwa:

"Sindili bwino, aMalume. Kuzizira. Maondo, kupweteka kwambiri. Amayi anga akudwala, kwathu. Ndawasiya. Mtima uli uko, uli kuno." Wapuma. "Ndikuopa inu. Mukakana, Tadala sabwera. Ine sindimukakamiza."

Wayang'ana m'mbale. "Nyama iyi, youma. Koma ndidya."

Ndaseka mpaka kutsokomola. Iye wadzidzimuka, wandiyang'ana m'maso koyamba, n'kubweza msanga ngati waba. Ndamugwira chibwano n'kumudzutsa nkhope. Maso ofiira, a munthu amene sanagone.

Wayambira kuphazi kukafika kumutu, kenako mayi ake, kenako ndiwo. Ngati munthu wa ku Dowa! Kapena Tadala anamuphunzitsa, kapena mayi wa mu foni sawadziwa anthu ake onse.

Ndiye nanenso ndamuuza za diso langa, kuyambira utsi wa m'chigafa, sing'anga wa ku Mponela, mpaka mphepo ya mu ndege. Sindikhulupirira kuti wamva ngakhale theka. Koma sanandidule, ndipo pa mbali ya sing'anga anati "pepani" pamalo pake. Mbale anaimaliza.

Lamulungu, 30 Novembala

Tchalitchi ku Wolverhampton. Ulaliki sindinaumve, ndimaganiza za mlongo wanga. Anati ndimumve mtima. Sanati ndimumve m'Chingerezi.

Titabwerako ndawaitanitsa onse pabalaza. aTembo ndawauza kuti lero apume, ntchito agwira yokwanira mbali zonse ziwiri. Ndalankhula m'Chichewa, pang'onopang'ono ngati mayi wa mu foni. Ndati munthu wonena zoona za nyama yanga n'kuidyabe, mwana wa mlongo wanga angathe kukhala naye. Ndati chimodzi chokha: ukwati usanachitike apite onse awiri ku Dowa, akaime pa manda a mlongo wanga, Tadala akamuonetse kwa mayi ake.

Tadala wamuuza m'Chingerezi. Mnyamata waiwala maphunziro onse a aTembo. Wadzuka, wandikumbatira, wandinyamula mapazi kusiya pansi, akundimenya kumsana. Phunziro lija ndinalidumpha Lachiwiri! Nthiti zikuwawa mpaka tsopano. aMbewe anathawira kukhichini, ndinawamva akuseka m'thaulo.

Zotsala m'nyumba muno:
Nkhukundembo, yoposa theka. Esinati akuti ndidya ndekha mpaka Khirisimasi.
Mazira a kumsika aja.
Fungo la utsi m'makatani.
Chingerezi, mawu awiri.

Mayi wa mano oyera ndauza aMbewe amuchotse mu foni. Sanalakwe, anayesetsa. Ndikanakonda kumufunsa za mkaka wa mbewu uja, koma basi.

Madzulo Maliko wapita kukakwera thiramu, kasitima ka m'tauni, mawa abwerera kwa mayi ake. Tadala wamuperekeza, wabwera, wandipeza pazenera ndikuyang'ana ndowa ija. Kuchoka ku Dowa kufika kuno ndinayesa ndiye mathero a dziko. Tsopano akuti kuli nyanja ina yonse kutsogoloku, ndipo ndavomera ndi pakamwa panga kuti mwanayu aiwoloke. Pa msinkhu wanga uno, sindidziwa ngati ndidzakaona khomo lake.

Wagwada pambali panga, nkhope ikuwala ngati ya mayi ake tsiku la chinkhoswe. "Muli bwanji, aMalume?"

Zinalipo zoti ndinene, kuyambira kunthiti kukafika pakati pa chifuwa. Ndamuyang'ana m'maso, ndatulutsa mano amene alipo.

"Gudu."

Ndiye ntchito yake ndi imeneyi.